Usipa wa pa WhatsApp: kodi lamulo limakulitsa msika kapena limaufinya?

Anzanga a ku sekondale, lero ndabwera ndi funso lomwe limaoneka ngati la aphungu ndi maloya okhaokha, koma mkati mwake muli masamu omwe mumaphunzira m'kalasi, komanso njira ija timayesera zinthu mu labu. Funso lake ndi ili: boma likaika malamulo pa malonda a pa intaneti, malondawo amakula kapena amafota?

Ena amayankha msangamsanga kuti boma lingochokapo, anthu azigulitsana okha. Ena amati ayi, pa intaneti padzaza mbava, boma limange zolimba. Ine ndikuti tisathamangire mbali. Tengani pepala ndi cholembera, tiwerengere limodzi, kenako muweruze nokha.

Malonda ake ndi ati?

Mukamva za malonda a pa intaneti mwina mumaganiza za Amazon ya ku America kapena Alibaba ya ku China, makampani okhala ndi nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu. Kwathu kuno ku Chinguluwe nkhani yake siili choncho. Mayi wapita kunyanja kukapikula usipa wouma. Mwana wake waujambula pa foni n'kuika chithunzicho pa WhatsApp kapena pa gulu lina la Facebook. Munthu wa ku Area 25 ku Lilongwe waona, wafunsa mtengo, watumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Katundu wakwezedwa minibasi pa Salima, wayenda msewu wa M14 makilomita pafupifupi 100, madzulo walandiridwa kudepoti. Basi, amenewo ndiye malonda a pa intaneti a kuno kwathu. Mpunga wa ku Lifuwu, mango ndi nkhuku zimayenda chimodzimodzi kupita kutauni, pomwe nsapato, kaunjika ndi mafoni zimabwera kuchokera uko.

Malondawa ali ngati unyolo wa mphete zinayi. Yoyamba ndi netiweki ndi bandulo. Yachiwiri ndi kukhulupirirana kwa anthu awiri omwe sanaonanepo. Yachitatu ndi njira yolipirira. Yachinayi ndi mayendedwe a katundu. Ikaduka imodzi, malonda onse aima. Lamulo lililonse lomwe tikambe pano tizilifunsa kuti: likulimbitsa mphete iti, nanga likulemetsa iti?

Dziwaninso kuti malamulo pamsika si achilendo ayi. Makolo athu olima thonje kuno amagulitsa kwa ogula okhala ndi chilolezo, ndipo masikelo a pamsika amayenera kuyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards kuti kilogalamu ikhale kilogalamu. Chachilendo pa intaneti n'chakuti sikeloyo simuiona, katunduyo simumugwira, ndipo wogulitsayo simumudziwa nkhope.

Ikaola imodzi

M'chaka cha 1970, katswiri wa zachuma wa ku America, George Akerlof, analemba za msika wa magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito. Anaonetsa kuti wogulitsa akamadziwa zambiri za katundu kuposa wogula, msika utha kufa ngakhale kuti ogulitsa ambiri ndi anthu achilungamo. Ganizo limeneli linamuthandiza kulandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 2001. Ife tiliyese ndi usipa. Manambala omwe ndigwiritse ntchito ndi ongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino, si mitengo ya lero ayi.

Tiyerekeze kuti pali mitundu iwiri ya ndowa za usipa. Ina ndi ya usipa wabwino, wouma bwino, wopanda mchenga. Wogula wa ku Lilongwe angalolere kuilipira K30,000, ndipo wogulitsa wachilungamo sangaigulitse pansi pa K25,000 chifukwa akatero waluza. Ina ndi ndowa yachinyengo: pamwamba usipa wokongola, pansi zofumbwa ndi zonyenyeka. Imeneyi kwa wogula ndi ya K10,000 basi.

Pamsika wa Salima vuto palibe. Wogula apisa dzanja mpaka pansi, anunkhiza, alawa, ndipo ndowa iliyonse ipeza mtengo wake. Koma pa chithunzi cha WhatsApp ndowa zonse ndi zokongola. Ndiye wogula wanzeru atani? Awerengera mwayi. Ngati theka la ogulitsa ndi achilungamo, theka ndi achinyengo, mtengo womwe angalolere ndi theka la K30,000 kuphatikiza theka la K10,000. Yankho ndi K20,000.

Mwaona chomwe chachitika? K20,000 ndi yochepa kwa wogulitsa wachilungamo uja, yemwe amafuna K25,000. Iye achoka pa intaneti, abwerera kukagulitsa pamsika. Otsala ndi achinyengo okhaokha. Ogula akazindikira, mtengo utsikanso kufika pa K10,000, ndipo ambiri angosiyiratu kugula pa foni. Palibe amene watseka msikawu, wadzifera wokha. Akuluakulu anati nsomba ikaola imodzi zaola zonse, ndipo apa masamu akuwavomereza.

Tsopano tisinthe nambala imodzi. Bwanji ngati mwa ogulitsa 10 aliwonse, 9 ndi achilungamo? Wogula awerengera 0.9 kuchulukitsa ndi K30,000, kuphatikiza 0.1 kuchulukitsa ndi K10,000. Yankho ndi K28,000. Imeneyi yaposa K25,000, choncho wachilungamo akhalabe, msika upitirira.

Malire ake ali pati? Gawo la ogulitsa achilungamo tilitche p. Tikufuna kuti 30,000p + 10,000(1 − p) isachepere 25,000. Mukaphwanya mupeza kuti 20,000p isachepere 15,000, kutanthauza kuti p isachepere 0.75. Ndiye kuti m'chitsanzo chathuchi, bola achilungamo akhale atatu mwa anayi aliwonse, msika ukhala moyo. Akachepera pamenepo, ugwa.

Phunziro lake ndi lalikulu. Lamulo silifunika kugwira wakuba aliyense kuti lithandize. Ntchito yake ndi kuchepetsa achinyengo mpaka ogula asiye kuopa. Likakwanitsa zimenezo, phindu silipita kwa wogula yekha. Amene wapindula kwambiri ndi mayi wachilungamo uja, yemwe tsopano angathe kugulitsa kwa anthu a kutali pamtengo woyenera.

Nanga Malawi ali ndi malamulo otani?

M'chaka cha 2016, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act. Mwa zina, lamuloli limavomereza kuti mgwirizano wopangidwa kudzera pa foni kapena kompyuta ndi mgwirizano weniweni, ndipo uthenga wotere utha kukhala umboni kukhoti. Limafunanso kuti wogulitsa pa intaneti adzidziwitse bwino kwa ogula: dzina lake, komwe amapezeka, ndi mtengo wa katundu. Bungwe loyang'anira za mafoni, mawailesi ndi intaneti la MACRA ndi lomwe lili ndi udindo waukulu pa lamuloli. Mu masamu athu aja, lamuloli likuyesa kukweza p.

M'chaka cha 2017 boma linalemba anthu m'kaundula wa unzika, ndipo mu 2018 linalamula kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe ndi chiphaso. Cholinga chinali chakuti kuseri kwa nambala kukhale munthu wodziwika. Kodi zinathetsa kuba? Ayi ndithu. Nonse mukuudziwa uthenga uja wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Akuba ena amalembetsa manambala ndi ziphaso za anthu ena. Komanso lamuloli linali ndi mtengo wake, chifukwa amene analibe chiphaso anavutika kukhala ndi nambala yawoyawo. Sungani mfundo imeneyi, tibwererakonso.

Mphete yolipirira imayang'aniridwa ndi banki yaikulu ya Reserve, pansi pa lamulo la Payment Systems Act la 2016. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba mu 2013. Mwina simunadzifunsepo kuti nambala yomwe mumaiona pa foni, yakuti muli ndi K5,000, imatsamira pa chiyani. Malamulo amafuna kuti ndalama zonse zomwe zili m'mafoni a anthu zikhale ndi ndalama zenizeni zofanana nazo, zosungidwa kubanki mu akaunti yapadera yomwe kampani ya foni siingatengeko n'kukalipirira antchito ake. Lamuloli simuliona, koma ndi lomwe limachititsa agogo kuvomera kulandira ndalama pa foni.

Palinso kulumikiza njira zolipirira. National Switch inayamba mu 2015 polumikiza mabanki, ndipo lero munthu wa Mpamba atha kutumizira wa Airtel Money kapena wa kubanki. Ubwino wake tiuwerengere. Pagulu la anthu n, chiwerengero cha awiriawiri omwe angagulitsane ndi n(n − 1) kugawa ndi 2. Tiyerekeze kuti pamalo pena pali anthu 20, ndipo 10 ali ku kampani ina, 10 ku inzake. Ngati makampaniwo salumikizana, gulu lililonse lili ndi awiriawiri 45, onse pamodzi 90. Akalumikizana, anthu 20 aja apanga awiriawiri 190. Palibe foni yatsopano yomwe yagulidwa, koma msika wakula kuposa kawiri. Kampani yaikulu payokha siikhala ndi changu chotsegulira mpikisano khomo lake, n'chifukwa chake pamafunika woyang'anira.

Wogula akapusitsidwa ali ndi kokadandaula: bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe ambiri amangoti CFTC. Ndipo mu 2024 kunabwera lamulo la Data Protection Act, loteteza zinthu zokhudza munthu monga dzina, nambala ndi chithunzi cha chiphaso, kuti amene wazisonkhanitsa asamazimwaze mwachisawawa.

Walira mvula walira matope

Mpaka pano lamulo likuoneka ngati mnzathu. Koma lamulo lililonse lili ndi mtengo, ndipo funso la sayansi ndi lakuti mtengowo akulipira ndani.

Tiyerekeze kuti boma lanena kuti aliyense wogulitsa pa intaneti akalembetse, atenge chilolezo, ndipo zonse pamodzi ndi thiransipoti yopita kuofesi zikukwana K60,000 pachaka. Sitolo ya ku Lilongwe yotumiza mapaselo 2,000 pachaka igawa ndalamayo, ipeza K30 pa paselo iliyonse. Sizimveka n'komwe. Mayi wathu wa ku Chinguluwe, wotumiza mapaselo 20 pachaka, apeza K3,000 pa paselo iliyonse. Lamulo ndi limodzi, koma kwa wamng'ono likulemera kuwirikiza ka 100. Iye angasankhe chimodzi mwa ziwiri: kusiya malonda, kapena kumagulitsa mobisa. Zonsezi n'zoipa. Akasiya, msika wachepa. Akabisala, wachoka m'maso mwa lamulo lomwe limafuna kuteteza ogula ake.

Kenako pali misonkho. M'chaka cha 2015 boma linaika msonkho wa 10 peresenti pa intaneti ndi mauthenga a pa foni, kuwonjezera pa VAT yomwe kwa zaka zambiri inali 16.5 peresenti. Tengani bandulo yomwe popanda msonkho ikanakhala K1,000. Msonkho woyamba uifikitsa pa K1,100. Mukaika VAT ya 16.5 peresenti pamwamba pake ifika pa K1,281.50. Kwa munthu wolandira malipiro pamwezi si nkhani. Kwa mwana wa sukulu yemwe akuthandiza mayi ake kutsatsa malonda, kusiyana kumeneku ndi tsiku limodzi lomwe chithunzi cha usipa sichituluka.

Mu Sepitembala 2019, nduna ya zachuma, a Joseph Mwanamvekha, inalengeza mu bajeti msonkho wa 1 peresenti pa ndalama zoyenda pa foni. Anthu, mabungwe oimira ogula ndi a zamalonda anadandaula kwambiri, ndipo boma linachotsa ganizoli lisanayambe kugwira ntchito. Mwina mukuti, aaa, 1 peresenti yokhayo? Tiyeni tione. Wamalonda wagula katundu wa K90,000 kwa asodzi, walipira pa foni. Wagulitsa K100,000, walandira pa foni. Phindu lake ndi K10,000. Msonkho wa 1 peresenti ukadulidwa paulendo uliwonse wa ndalama, woyamba ndi K900, wachiwiri ndi K1,000, pamodzi K1,900. Ngati zonsezi zigwera iye, ndiye kuti 19 peresenti ya phindu lake yapita. Chinsinsi chake n'chakuti msonkhowu umaluma ndalama yonse yomwe yayenda, pomwe wamalonda amadya kaphindu kapamwamba kokha. Ndiye anthu amabwerera ku ndalama za m'manja, zomwe siziyenda pa foni kuchoka ku Lilongwe kufika kuno.

Koma tisanamize boma kuti limangofuna kuzunza anthu. Mankhwala a pachipatala cha Salima, malipiro a aphunzitsi anu ndi phula la pamsewu wa M14 zimafuna msonkho. Amalonda ambiri m'dziko muno sanalembetse kulikonse, ndipo a MRA sangawafikire mmodzimmodzi. Pa foni m'pomwe ndalama zawo zimaonekera, n'chifukwa chake nduna za zachuma m'maiko ambiri zimayang'ana pomwepo. Palinso nkhani ya chilungamo: mwini golosale wa pa Salima amalipira chilolezo ndi misonkho, nanga mnzake wogulitsa katundu yemweyo pa Facebook asalipire kanthu? Funsoli ndi lenileni, silofunika kulinyoza.

Zomwe anzathu anaona

Ku Kenya, kampani ya Safaricom inayambitsa M-Pesa mu Malichi 2007. Nthawi imeneyo kunalibe lamulo lolembedwera ndalama za pa foni. Banki yaikulu ya dzikolo sinaletse. Inalola kuti ntchito iyambe, inaonetsetsa kuti ndalama za anthu zikusungidwa padera kubanki, n'kumayang'anitsitsa, ndipo malamulo atsatanetsatane anabwera pambuyo, ataona kale komwe kuli zoopsa zenizeni. Lero M-Pesa ndi chitsanzo chomwe dziko lonse lapansi limaphunzirapo.

Ku Uganda, mu Julayi 2018, boma linalamula kuti aliyense wofuna kulowa pa WhatsApp, Facebook ndi masamba ena otere azilipira mashilingi 200 patsiku, komanso linaika msonkho wa 1 peresenti pa ndalama za pa foni. Patangopita miyezi yochepa, msonkho wa ndalamawo unatsitsidwa kufika pa 0.5 peresenti, ndipo unatsala pa kutapa pokha. Ambiri anazemba msonkho wa masamba uja pogwiritsa ntchito VPN, ena anangosiya intaneti. Mu 2021 boma linauchotsa n'kuika msonkho wa 12 peresenti pa mabandulo.

Ku Ghana, msonkho wa 1.5 peresenti pa ndalama zotumizidwa pa foni unayamba mu Meyi 2022. Mu Januwale 2023 unatsitsidwa kufika pa 1 peresenti, ndipo mu Epulo 2025 unathetsedwa.

Taonani kuti m'maiko atatu onsewa boma linachitapo kanthu. Kusiyana kwake kuli pa mtundu wa lamulo. La ku Kenya linateteza ndalama za anthu n'kusiya khomo lotsegula. A ku Uganda ndi Ghana analipiritsa munthu pakhomo penipeni.

Tingadziwe bwanji kuti ndi lamulo lachititsa?

Apa ndiye pali sayansi yeniyeni, ndipo ndikufuna mutchere khutu. Wandale wina atha kunena kuti chikhazikitsireni lamulo lakuti, malonda a pa foni akwera, choncho lamulolo ndi labwino. Kodi umenewu ndi umboni?

Kumbukirani zomwe mumachita poyesa feteleza. Simuthira feteleza m'munda wonse n'kunena kuti chimanga chakula chifukwa cha fetelezayo. Mwina ndi mvula. Mumasiya ndime ina yosathira, yofanana ndi inzake pa china chilichonse, kuti mufananize.

Akatswiri a zachuma amayesa kuchita zomwezo. Tiyerekeze misika iwiri, A ndi B, uliwonse ukutumiza mapaselo 100 pamwezi. Lamulo latsopano lafika pa A pokha. Chaka chamawa A akutumiza 120, B akutumiza 150. Woyang'ana A yekha aombera m'manja kuti lamulo lawonjezera mapaselo 20. Koma B, yemwe lamulo silinamukhudze, wakwera ndi 50. Ngati misika iwiriyi imayenda mofanana kale, ndiye kuti A akanafikanso pa 150. Lamulo lija ladya mapaselo 30, ngakhale kuti nambala ya A yakwera. Zikanathekanso kutembenuka: A kutsika pang'ono pomwe B watsika kwambiri, kusonyeza kuti lamulo lateteza.

Chovuta n'chakuti lamulo la dziko limagwera aliyense tsiku limodzi, ndiye ndime yosathira feteleza imasowa. N'chifukwa chake ofufuza amafananiza maiko oyandikana, kapena magulu awiri m'dziko limodzi, monga ndalama zing'onozing'ono zomwe msonkho sukuzikhudza ndi zikuluzikulu zomwe ukuzikhudza. Ndipo amasamala ndi zinthu zina zomwe zachitika nthawi yomweyo. Kuno kwathu zilipo zambiri. Matenda a Covid-19 atafika mu Epulo 2020, anthu analimbikitsidwa kulipira pa foni m'malo mogwira ndalama. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Mitengo ikakwera, ndalama zoyenda pa foni zimaoneka zambiri ngakhale ndowa za usipa zomwe zagulitsidwa zili zomwezo. Choncho wina akakuuzani kuti malonda akula, mufunseni kuti: mwawerenga makwacha kapena mwawerenga ndowa? Nanga mwafananiza ndi chiyani?

Zomwe lamulo silingachite palokha

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muli anthu pafupifupi 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa 100 aliwonse amakhala kumudzi. Kwa ambiri mwa amenewa, chotchinga choyamba si lamulo ayi. Ndi foni yotha kujambula, potchajira, netiweki yosadukaduka, ndi msewu wodutsika nthawi ya dzinja. Nyumba zathu zambiri zilibe nambala kapena dzina la msewu, ndiye paselo imalembedwa kuti mukafika pachigayo mufunse. A MACRA akhala akugwira ntchito yopereka maadiresi, ndipo ntchito ngati imeneyi, ngakhale siimveka yosangalatsa, imalimbitsa mphete yachinayi ija.

Komanso lamulo lolembedwa bwino koma lokhala kutali silithandiza. Ngati mwaberedwa K30,000, koma kuti mukadandaule mufunika kuwononga ndalama yoposa pamenepo ndi masiku awiri, simupita. Wakuba amadziwa zimenezi. Mwa masamu athu aja, p sasuntha chifukwa cha mawu a m'buku la malamulo, amasuntha wachinyengo akayamba kuopa kuti agwidwadi.

Maganizo anga

Ife a m'mbali mwa nyanja tili ndi chitsanzo pafupi. Pachilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira konkuno ku Salima, usodzi umatsekedwa nyengo ya mvula chaka chilichonse kuti nsomba ziswane, ndipo mwambowu wakhalapo kwa zaka makumi ambiri. Lamulo limeneli limamana msodzi ndalama lero, koma limamubwezera zochuluka chilumba chikatsegulidwa. Limagwira ntchito chifukwa ndi losavuta kumva, aliyense akudziwa cholinga chake, ndipo olilondoloza ali pompo, osati ku Lilongwe.

Ukonde nawo umatiphunzitsa. Wa maso aakulu kwambiri nsomba zonse zimapyola. Koma neti ya udzudzu imakokolola ndi tiana tomwe, chaka chamawa m'nyanja mulibe kanthu. Lamulo la malonda lili chimodzimodzi: maso ake ayenera kugwira wachinyengo ndi wamkulu wozemba msonkho, n'kusiya wamng'ono kuti akule kaye.

Ndiye ine, ndikamva za lamulo latsopano la malonda a pa intaneti, ndimalifunsa mafunso anayi. Kodi likuchepetsa bodza pakati pa wogula ndi wogulitsa? Kodi mtengo wolitsatira ukukula molingana ndi kukula kwa bizinesi, kapena ndi umodzi kwa wamkulu ndi wamng'ono? Kodi likudula pa phindu, kapena pa ndalama iliyonse yoyenda? Kodi munthu wa ku Chinguluwe angalifikire ali konkuno, pa foni yake, m'Chichewa? Lamulo loyankha bwino mafunsowa limakulitsa msika. Lolephera limaufinya, ngakhale olilemba atakhala ndi mtima wabwino.

Ntchito yanu

Musangondikhulupirira. Sabata ino, awiriawiri, pemphani chilolezo kwa amalonda 10 a pamsika wa kwanu ndipo muwafunse mwaulemu mafunso awa. Kodi anagulitsapo kanthu kwa munthu yemwe sanamuone, kudzera pa foni? Ngati ayi, chimawaletsa n'chiyani: kusowa foni, mtengo wa bandulo, ndalama zodulidwa potumiza ndi potapa, kuopa kuberedwa, kapena mayendedwe? Ngati inde, pa K10,000 iliyonse yomwe alandira pa foni, imatsala zingati akakatapa kwa ejenti? Musalembe maina awo kapena manambala awo. Mwamva kale kuti zimenezo n'zotetezedwa.

Mukabwera nazo, jambulani tchati chosonyeza kuti ndi mphete iti mwa zinayi zija yomwe yatchulidwa kwambiri. Kenako bwererani ku masamu a ndowa, musinthe mtengo wa ndowa yachinyengo kuchoka pa K10,000 kufika pa ziro, ngati mmene zimakhalira munthu akatumiza ndalama koma katundu osabwera n'komwe. Pezani p watsopano. Mukapeza bwino muona kuti wakwera kupitirira 0.8, ndipo mudzifotokozere nokha chifukwa chomwe wakuba wongolandira ndalama n'kuzimitsa foni amaonongera msika kuposa uja wothira mchenga pansi pa ndowa.